Matayala Olira a Achemwali

Pali liwu limodzi limene ndinalisunga m'kamwa zaka zambiri osauzako munthu. Ine ndine wamanyazi. Kusukulu, komwe ndamaliza chaka chino, aphunzitsi ankachita kuwerama kuti amve yankho langa. Koma nkhani ya achemwali anga ikandifika pakhosi manyazi amathawa, chifukwa zimene anthu anawachita zimandiwawabe.

Makolo athu atamwalira, bambo aang'ono anabwera kudzatipepesa ali ndi sipanala m'thumba. Misozi isanaume, anamasula matayala onse a kalole ka malemu bambo n'kukaika kugalimoto yawo. Kalole anakasiya katakhala pa njerwa ngati nkhuku yofungatira mazira.

"Chigobachi chikhale chanu," anatero. "Koma kamtsikanaka ndikatenga, kazikagwira ntchito kunyumba kwanga. Sukulu ndi ya ana okhala ndi makolo."

Kamtsikanako ndinali ine. Ndinabisala kumbuyo kwa chitseko.

"Mwanayu sachoka pano, bambo," achemwali anayankha. "Ndimulera ndekha."

"Udzimudyetsa njerwazo? Chabwino. Mvula ikadzagwa ndidzabweranso. Ndikadzapeza mukugona ndi njala, sitidzakambirananso."

Achemwali ankadziwa kuyendetsa, malemu bambo anawaphunzitsa. Chosowa chinali matayala. Kuseri kwa shedi ya wokonza matayala kunali mulu wa otayidwa, ndipo pansi pake anapezapo a mano akuluakulu ngati a thirakitala.

"Awa ndi a m'matope, mwana iwe," anatero wokonza matayalayo. "Pa tala amalira ngati pamaliro. Ndiponso tala amawadya mano kuposa mmene shuga anadyera angawa." Anatsegula pakamwa kuti achemwali aone umboni.

Achemwali anamuchapira maovolosi ndi kusesa pashedipo mpaka matayala aja anakhala awo.

Tsiku loyamba kulowa mumsewu, agalu anauwa. Huuuu! Kalole kakadali kutali, phokoso linali litafika kale. Madalaivala a pasiteji anawapatsa dzina lakuti Ndege.

"Ndege yatera! Chotsani ana panjira!"

"Mlongo, kodi uli ndi laisensi ya m'mlengalenga?"

Aneba athu, amene anali kapitawo wopuma pantchito, ankabwera pampanda kudzadandaula kuti tikuwasokonezera wailesi.

Tandiuzani, inu amene mukuwerenga. Tsiku limene matayala athu ankamasulidwa dzuwa likuswa mtengo, aneba omwewa anali pakhonde. Palibe anamva kulira kwa sipanala. Koma mwana wamasiye atangoyamba kudzithandiza, makutu a aliyense anatseguka. Zimenezi n'zoona?

Achemwali ankangoyankhula ndi matayala awo. M'mawa uliwonse ankagwada ndi msomali n'kumatokosa timiyala tolowa pakati pa mano. Ankayeza mpweya asananyamuke. Akaona kuti akutsogolo ayamba kudyeka m'mbali ngati sowo, ankakweza jeke n'kuwasinthanitsa ndi akumbuyo. Pa tala ankayenda pang'onopang'ono, njinga n'kumawadutsa. Akapatsidwa katundu wopita kutali pamsewu wa tala, ankakana, ngakhale m'nyumba muli gwa.

"Manowa ndikusungira mvula," ankatero, uku akulowetsa kamtengo ka machesi pakati pa mano kuti aone kuya kwake.

Mvula inachedwa. Kamtengo kaja kanayamba kulowa pang'ono chabe. Achemwali akandipatsa chakudya ankati iwo adyera kumsewu, koma mimba yawo inkalira kuposa matayala. Bambo aang'ono akamadutsa ankayang'ana kumwamba, kenaka n'kuyang'ana ine, ngati munthu wosankha mbuzi.

Dalaivala wina anati, "Ndege, ndikupatse matayala osalala, anthu asiye kukuseka."

"Asekeni, achimwene. Mano amene akuonetsawo sakwera phiri."

Kenaka inagwa, yosalekeza. Msewu wopita kuminda unasanduka phala. Tomato ndi kabichi zinayamba kuolera m'madengu. Malole a oseka aja ankangopalasa pamalo amodzi, matope n'kumawathira eni ake kumaso.

Achemwali anafika pomwe tala amathera, anatsika, n'kuchotsako mpweya pang'ono kuti matayala aphwaphwatike ndi kugwira bwino. Analowa m'matopemo. Ndinali nawo tsiku limenelo, nditagwira mpando ndi manja onse. Ndipo ndinamva chinthu chodabwitsa: zii. M'matope matayala aja sankalira n'komwe. Ankaluma.

Kuyambira pamenepo alimi ankatchera khutu kumsewu. Akamva huuuu kuchokera ku tala, ankayamba kutulutsa madengu. Phokoso lomwe lija.

Bambo aang'ono anabweradi. Anandipeza ndili mu yunifolomu, ndikulemba masamu, poto akubwata pamoto.

"Mvula yagwa, bambo," achemwali anatero. "Mwana ndi uyu, koma watanganidwa. Mubwerenso akamaliza sukulu, mudzamuyamikire."

Bambo aang'ono sanakhale n'komwe pampando.

Lero kalole kali ndi matayala atsopano, a mano omwewo, ndipo achemwali akuphunzitsa atsikana ena awiri kuyendetsa. Pachitseko analembapo okha ndi penti: NDEGE.

Tsiku limene ndinakatenga zotsatira za mayeso, achemwali anabwera kudzanditenga. Ndinakhoza. Tili pa tala, matayala akuimba nyimbo yawo, ndinayang'ana manja awo pa chiwongolero, zikhadabo zothyoka ndi msomali uja. Liwu lija linakwera lokha. Ndinaganiza kuti phokoso lindibisa, ndiye ndinalinong'ona.

"Wati chiyani?" anakuwa. "Iwe, kweza mawu! Ukudziwa kuti muno ndi mundege!"

Ine amene sindinakuwepo chibadwire ndinatseka maso.

"Ndati zikomo, AMAYI!"

Kalole kanaima pambali pa msewu. Phokoso linatha. Achemwali anayamba kupukuta galasi lomwe linali loyera kale.

"Ukundikalambitsa, mwana iwe," anatero. "Tanenanso."

Ndinanenanso.

Inu amene akukusekani lero chifukwa mukuyenda mwaphokoso ndi zinthu zotola, samalani mano anu, mvula yanu ikubwera. Ine ndinaphunzira ndi matayala otayidwa. Anthu angataye tayala, angakutayeni inu, koma inu osataya mtima.