Funso la mayi wa m'chigafa

Nthawi imeneyo ndinkasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Nsaru, ndipo Loweruka ndinkathandiza m'kabungwe kathu koona za ufulu wa anthu. Ofesi tinalibe, tinkangokumana m'kalasi ya pulayimale.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wochokera ku bungwe lalikulu la mumzinda. Anatifotokozera kuti pakapita zaka zingapo, dziko lililonse limakakhala pamaso pa maiko anzake kunja n'kumafunsidwa mmene likusamalira anthu ake. Boma limapita ndi lipoti lake, koma mabungwe omwe si aboma amatumizanso lawo. "Ndiye tikufuna za kuno," anatero. "Osati maganizo anu ayi, koma zomwe anthu akunena."

Ine anandipatsa maesiteti a fodya a cha ku Kabudula. Matenanti ambiri anangondiyang'ana, poganiza kuti ndatumidwa ndi bwana wawo. Amene anandiyankha anali mayi wina wa ku Mulanje, yemwe ndinamupeza m'chigafa akusoka fodya ndi ana ake awiri.

"Mukuti mawu anga akafika kunja? Inu, ngakhale kwa kapitawo pompa safika," anatero uku akuseka. Komabe anandiyalira thumba, n'kulankhula mpaka dzuwa kupendeka. Dandaulo lake linali limodzi: fodya akacha ana sapita kusukulu, chifukwa manja a makolo okha sakwanira. "Wamkuluyu masamu amawatha. Koma mayeso amamupeza muno chaka ndi chaka."

Tinatumiza zonse mumzinda, ine n'kuiwalako. Patapita miyezi yambiri, mtsikana uja anaimba foni kuti msonkhano wofunsa dziko lathu auonetsa pa intaneti. Eni sitolo yomwe ndinkasokerapo, bambo achisilamu okonda nkhani za dziko kuposa malonda, anaimika foni yawo pa katoni ya sopo, n'kulumikiza sipika. Ndinatuma wakabaza kukatenga mayi uja. Anafika atavala chitenje chatsopano ngati wopita ku ukwati.

Tinadzaza khonde. Nthumwi za maiko zinkalankhula motsatizana, aliyense mothamanga ngati minibasi ikumusiya, ndipo aphunzitsi ena a m'kabungwe kathu ankatimasulira. Netiweki ikadula tinkakuwa ngati timu yaphonya chigoli. Obwera kudzagula mchere ankaiwala zomwe adzera. Kenaka bambo wina wa dziko lomwe sindinalimvepo anapempha boma lathu kuonetsetsa kuti ana a m'minda ya fodya ali kusukulu, osati pantchito.

Aphunzitsi atamasulira, mayi uja anadzambatuka. "Basi? Ine ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma, awa angoti pang'ono n'kusiya?"

"Nthawi amachita kuwagawira, mayi," anayankha aphunzitsi.

"Koma anena ndithu, eti? Nanga a boma amva?"

"Ndi awo apo, akulemba."

Mayiyo anayandikira foni n'kuyang'anitsitsa, kenaka anaimba nthungululu mpaka ogulitsa mtedza patsidya pa msewu anatembenuka. Eni sitolo anatsegula zakumwa, onse tinamwa.

Ndikudziwa kuti nkhani ngati ya mayiyo inachokeranso kumaboma ena, ndipo zinthu sizinasinthe lero ndi lero. Koma atabwerera ku esiteti anauza aliyense kuti nkhani yawo yamveka kunja, ndipo Loweruka lotsatira matenanti anadzaza kalasi yathu. Tinapita nawo limodzi kwa mwini esiteti. Anakana, anazengereza, pamapeto pake analola kuti ana aziyamba apita kusukulu. Chaka chimenecho wamkulu uja analemba mayeso.

Mayiyo atabwera kudzasoketsa yunifolomu, anandifunsa za bambo a pa foni aja. "Kodi kwawoko zonse zili bwino?"

Ndinamuuza kuti nawonso tsiku lawo limakwana, ndipo dziko lathu limaloledwa kuwafunsa.

"Mudzandiuze tsikulo," anatero akupinda yunifolomu. "Nanenso ndili ndi mafunso."