Dzanja Lolemera la Bambo a Ndege

Pali mkulu wina amene anthu amawatcha Bambo a Ndege. Bambo awo anali osula zitsulo, mayi awo osoka matumba, ndipo iwo eni anabereka ana atatu, onse olongosoka, wina asakunamizeni. Chitsiriza ndi mtsikana woyendetsa ndege. Mkuluyu akatseka mpopi, adzukulu amachita kukawaitana kuti adzatsegule. Mawu awo ndi amodzi: "Cholimba sichigwa."

M'galaja mwawo muli ndege yomwe akhala akupanga okha chipumireni pantchito, ndipo wodzaiulutsa koyamba ndi mwana wawo uja.

Tsiku lina mwanayo anabwera ndi sipanala yopima mphamvu, yomwe imalira kuti "kha!" bawuti ikafika pamlingo wake. Asanaigwiritse ntchito anati ayambe wamasula bawuti imodzi ya phiko. Atangopotoza pang'ono, mutu wa bawutiyo unaduka.

"Ababa, mumamanga ndi manja kapena ndi mkwiyo? Chitsulo mukachikoka mopitirira chimatopa. Mukufuna chidzadukire m'mwamba ine ndili momwemo?"

Mkuluyo anayang'ana kachidutswako, nayang'ana mwana wawo. Anathira mafuta pabawuti zonse, namasula imodziimodzi, zokanirira nazibowola, naika zatsopano. Masiku ano sipanala ikati "kha!" amalekera pomwepo, dzanja likuyabwa kufuna kuwonjezera, uku akung'ung'udza kuti, "Kachitsulo kamwano aka!"

Koma zikomo sananenebe mpaka lero. Mwanayo akuti sakwera asanamve mawuwo, iwo akuti adzanena iye akadzatera bwino. Ndegeyo inatha kale kupangidwa, ili phee m'galaja, amakani awiriwo akudikirana.