Ndinatsitsa Che Jafali m'galimoto ya achipatala

Inu owerenga, ine ndikayankhula pamsika wa Lirangwe amandimva ali pa siteji. Koma pakamwa pomwepa panakhazika mnzanga mumdima zaka ziwiri, ndiye tcherani khutu.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma ndi mbuzi zogulitsa ndinaphunzitsa mwana wanga Esinati mpaka anakhala dokotala. Atamaliza ndinapha mbuzi, Lirangwe yense anadya. Kenako ndinamva kuti wabwereranso kukaphunzira! Akuti udokotala woyambawo ndi pakhomo chabe. Wofuna kukhala katswiri wa maso amagwiranso ntchito zaka zingapo pansi pa madokotala akuluakulu, iwo akumuyang'ana dzanja. Akatero amalemba mayeso, amafunsidwanso pakamwa wodwala ali pomwepo, ndipo akuluwo akakhutira ndi pamene amamupatsa satifiketi yoti aziima yekha.

Ine zonsezo sindinazisamale. Dokotala ndi dokotala basi.

Mnzanga Che Jafali, telala wa pakhonde la golosale ku Lirangwe, anachita ng'ala m'maso onse awiri. Galimoto ya achipatala itabwera kudzatenga odwala maso, anakwera. Ine ndinamukoka mkono anthu akuona, nkunena kuti asakang'ambidwe ndi alendo pamene ine ndili ndi dokotala m'nyumba. Anatsika.

Nditamuimbira Esinati, anati, “Bambo, bwerani nawo ku Blantyre. Ndiwachita opaleshoni, koma aphunzitsi anga ataima pambali.” Mwana wanga kumugwirira kaliyala ngati wophunzira njinga? Anthu akadzamva adzati chiyani? Uthengawo ndinaumeza. Kwa Che Jafali ndinati mwana wanena kuti adikire amalize. Kwa mwana ndinati Che Jafali analandira thandizo kwina.

Makina osokera anachita dzimbiri. Pa bawo anzanga ankandinyogodola kuti dokotala wanga akubwerezabe kalasi. Che Jafali yekha sanandinyoze, ankangofunsa kuti mwana wathu watsala pati. Funso limenelo linkandibaya kuposa zonyoza zija.

Mayeso omaliza atayandikira, Esinati anabwera kudzationa ndipo anakumana ndi Che Jafali akuyenda chopapasa khoma la mzikiti. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana. M'mawa mwake tonse atatu tinali mu minibasi.

Opaleshoni itatha, aphunzitsi a Esinati, mayi wa imvi ngati ine, anandiuza kuti iwo anangoima manja ali kumbuyo, sanakhudze kanthu. Anati kuima pambaliko si kunyoza mwana, n'kuteteza diso la munthu, poti diso lilibe sipeya. Tsiku lotsatira anamasula bandeji. Che Jafali anaphethira, nkundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

“Achimwene, mwakalamba chonchi? Nanga jekete lopindikali anakusokerani ndani?”

Ndinaseka mpaka anamwino anandithamangitsira panja!

Diso linalo analikonzanso patapita milungu. Kenako panafika mayeso. Oyesa ena anachokera kunja, anamupanikiza ndi mafunso, ena mwa anzake anauzidwa kuti adzabwerenso. Wanga anakhoza! Lero Esinati ndi katswiri wa maso, amaima yekha, ndipo pali madokotala achinyamata amene iye amawaimira pambali. Pa mwambo wolandira satifiketi ndinavala jekete latsopano. Analisoka Che Jafali, ulusi analowetsa okha pa singano, ine ndikuona.

Tsono inu makolo anzanga, mwana wanu dokotala akati akubwerera kukaphunzira, musamati walephera. Akukwera. Ndipo wodwala akakwera galimoto ya achipatala, musiyeni apite, ngakhale mutabala madokotala khumi. Maso a mnzanga anabwerera, koma zaka ziwiri zija palibe katswiri angazibweze.

Ku bawo kuja ndimapitabe, ndipo ndimafuula kuposa kale. Wofunsa za kubwereza kalasi ndimangomulozera pakhonde la golosale, pamene makina akulira.