Ndowe Zimene Sizinafike pa Sikelo

Ku Kasakula aliyense ankamudziwa Elube Chimutu, mayi wamasiye wa ana anayi amene ankaveka mbuzi matewera. Inde, matewera! Anthu ofufuza za ziweto anamanga khola kuseri kwa msika, mbuzi zisanu ndi zitatu, iliyonse m'kachipinda kake, atayimangirira kathumba kumbuyo. Ntchito ya Elube inali kuyeza pa sikelo chakudya chimene mbuzi yapatsidwa, chimene yasiya, ndi ndowe za m'kathumbamo. Kuchitsime ankamuseka kuti ndi kalaliki wa ndowe, koma iye analibe nazo ntchito, poti ana ake ankadyera pomwepo.

Titangochoka kumene ku chisankho cha matipate, feteleza anakwera mtengo moti anthu ankangomuonera m'sitolo. Chimanga cha Elube chinachita chikasu chili m'mawondo. Ndowe zikayezedwa, zonse zinkapita ku fodya wa kapitawo wa kholalo. Ndiye mayiyu anayamba kutapako manja awiri asanayeze n'kumakathira kumunda kwake, makamaka kwa mbuzi zinayi zimene zinkadya masamba a mtengo wachilendo, poti ndizo zinkadzaza matumba. Ndani angawerenge ndowe za mbuzi?

Lachisanu lina alangizi a Kamphinda, amene ankayang'anira kafukufukuyo, anatsika pa njinga yamoto mano ali pamtunda. Anamufotokozera Elube kuti iwo amayerekeza zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Ndowe zikachepa, ndiye kuti chakudyacho chagayika bwino, chakhalira m'thupi. Ati masamba achilendowo aposa ngakhale madeya, ndipo zonsezi ndi chifukwa cha kukhulupirika kwa mayi Chimutu.

Elube anadziwa pomwepo kuti kutapa kwake kuja ndiko kunanamiza sikelo. Mawa lake anafuna kuleka, koma anazindikira kuti ndowe zikachuluka mwadzidzidzi pa sikelo, kapitawo afunsa. Choncho anapitiriza kutapa, ngakhale kumunda sankazifunanso. Ankazitaya pathengo. Kukamveka njinga yamoto iliyonse, ankangoti wagwidwa. Ankaopa kwambiri, chifukwa ntchito ikatha analibe kwina kolowera, ndipo nkhani yoti anaba ndowe ikanafika mpaka kutali ku Malomo.

Tsiku logawa mbande za mtengowo kwa alimi, Elube analephera kupirira. Anaitanira a Kamphinda kuseri kwa khola, nagwada, naulula zonse. Anadikira kukalipiridwa, koma bamboyo anangoyang'ana uku ndi uku. Kenaka ananong'ona kuti lipoti anatumiza kale kwa akuluakulu.

"Mayi, mwauzapo wina?"

"Ayi, bambo."

"Musayerekeze. Ntchito yanu ikatha, yathanso yanga."

Motero ntchito sinathe. A Kamphinda anamuimika kutsogolo kuti azigawa mbande, anthu akumuombera m'manja. Pamzerepo panali mlamu wake Hana, amene chuma chake chonse chinali mbuzi ziwiri zamkaka. Atafika, analandira mbande zake ndi manja awiri, nasendera pafupi.

"Alamu, alangiziwa ine sindiwakhulupirira, koma inu mumaziona ndi maso anu. Mitengoyi ikakula, ndisiyedi madeya ndizizipatsa masambawa?"

Elube anacheuka. A Kamphinda anali chiimire pafupi ndi njinga yawo, maso ali pa iye.

"Muzizipatsa, alamu," anatero.

Hana anathokoza, nabwereranso kudzapempha mbande zina zisanu.