Ndinamuphunzitsa ntchito, iye n'kukatenga udokotala

Anabwera pa chipatala chathu ku Mbamba Bay ali mtsikana wongomaliza kumene koleji, wa ku Lipingo, wolankhula ngati wailesi. Ine n'kuti nditakhalitsa kale pa ntchito ya uphungu, m'kachipinda ka kuseri komwe anthu amamverako zotsatira za magazi. Kuno amatitchula kuti mushauri. Mayi anga, omwe anawoloka nyanja kuchokera ku Malawi, ankangoti ndimalipidwa chifukwa chomva mavuto a eni.

Ntchito ndinamuphunzitsa ndine. Tsiku lake loyamba, msodzi wina atamva zotsatira zake anangoti zyoli, mtsikana uja n'kuyamba kumukhuthulira malangizo. Bamboyo atatuluka ndinati, "Iwe, munthu akamameza nkhani yowawa usamuthire ina m'kamwa."

"Pepani, dada," anatero, ponditchula monga atchulira achemwali kuno. Sanabwerezenso. Ankagwira zinthu msanga, ndipo masiku amenewo zinkandikoma.

Anapita kukawonjezera sukulu, n'kubwerako. Kenako kunamveka kuti yunivesite ina ku Dar es Salaam yamutenga akachite maphunziro a udokotala wa uphungu, kuti akamaliza aziphunzitsa aphungu ena. Ine ndinali ndi dipuloma yanga yakale, ana pasukulu, ndi mwamuna wodwala msana amene anali atasiya kupita panyanja. Pa phwando lotsazikana naye mpunga ndinaphika ndine, ndipo ndinavina kuposa aliyense. M'mawa mwake basi ya ku Mbinga itanyamuka, ndinakhala ndi mayi wina woyembekezera, iye akulankhula, ine osamva kanthu. M'mutu munkangolira funso limodzi: bwanji iyeyo?

Zithunzi zake zinkafika pa foni. Apa ali pakati pa mabuku, apa waima kutsogolo kwa kalasi, ophunzira akulemba zonena zake. Anzanga ankapatsirana foniyo pa nthawi ya tiyi. Ikafika kwa ine ndinkati, "Wanenepa," n'kuipereka kwa wina.

Patapita zaka anabwera kudzachita kafukufuku wake. Ankafuna kucheza ndi aphungu a m'mbali mwa nyanja za kutopa kwa mumtima komwe ntchitoyi imabweretsa. Anandipempha mwaulemu wonse, ndipo ndinavomera ndikuyembekezera kuti apunthwa penapake. Tinalowa m'kachipinda kaja. Iye anakhala pa mpando wanga, ine pa benchi ya odwala, kachojambulira mawu kali pakati pathu.

"Dada, pa anthu onse amene anakhalapo pa benchi imeneyo, ndani amene mumapita naye kunyumba mumtima?"

Ndinafuna kuseka, koma pakamwa panatuluka nkhani ya mayi wina wa ku Liparamba. Mwamuna wake anamira ndi ngalawa, mtembo osapezeka. Ankabwera kwa ine mwezi ndi mwezi, kenako anangosiya, ndipo sindinadziwe kuti zinamuthera bwanji. Nkhani imeneyi ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale bambo a kunyumba. Ndinalira mpaka kupukuta mamina ndi chitenje.

Mtsikana uja anazimitsa kachipangizo kaja n'kunena kuti, "Kusukulu amati mphungu naye amafunika womumvera. Ife mlungu uliwonse timakhala ndi mphunzitsi n'kutula zoterezi. Inu mwasenza nokha zaka zonsezi."

Ndinatuluka thupi litapepuka, koma mtima ukuwira. Akanakhala wonyada bwenzi zili bwino, ndikanakhala ndi pomudera. Koma anali atadziwadi ntchito, ndipo anaidziwira m'makalasi omwe ine sindidzapondamo. Kumeneko munthu amakhala ndi womufunsa za kulemera kwa mtima wake mlungu uliwonse! Ine wondifunsa anali mwala wochapira.

Maphunziro akewo anamaliza chaka chatha. Akabwera kudzaona makolo ake, pamsika wa usipa amamuitana kuti dakitari, ndipo azimayi amamuonetsa zotupa za ana awo, iye n'kumafotokoza moleza kuti si dokotala wa mankhwala.

Mwana wanga wamkazi womaliza ali pafupi kulemba mayeso a sekondale. Tsiku lina tikusenda chinangwa anati, "Amayi, ine ndikufuna kudzakhala mphungu."

Mpeni unaima m'dzanja. Ndinamwetulira, ndikuganiza kuti akutengera ine.

"Ngati anti dakitari aja," anamaliza.

Ndinasenda chinangwa chotsalacho. Loweruka lake ndinamuimbira foni dakitariyo ku Dar es Salaam kumufunsa maphunziro omwe mwanayo ayenera kulimbikira. Anasangalala kwambiri, ndipo analankhula nthawi yaitali. Ine ndinkangoti eya, eya.