Chaka Chimene Sitinalambule Manda

Ine munthu akayamba kupenta nyumba imene wakhala akuionerera ikugumuka, ndimadziwa kuti pali nkhani. Chaka chimenecho pa esiteti pathu anapenta chilichonse: fakitale, shedi yoyezera tiyi, ngakhale miyala ya m'mbali mwa msewu. Kukomboni kwathu anabwera ndi laimu n'kuyeretsa makoma oyang'ana kumsewu okha, kuseri n'kusiya ming'alu ili yasa. Masana kumunda anayamba kutipatsa nyemba zothira mafuta. Anzanga othyola nawo tiyi ankanyambita zala, ine n'kuwauza kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anati pakamwa panga m'poipa, ndipo sindinawatsutse.

Sipanapite nthawi, akapitawo anatisonkhanitsa pashedi. Anati eni kampani, amene amakhala kunja ndipo palibe wa ife anawaonapo, akugulitsa chigawo chathu chonse, kuyambira kudamu mpaka kumabulugama. Ogulawo ankafuna kubzala mtedza wa makademiya pena ndi pena. Kenaka anawonjezera kuti palibe chimene chisinthe. Mawu amenewo ndimadana nawo mpaka lero, chifukwa munthu sawanena ngati zinthu zikukhaladi momwemo.

Anthu ankada nkhawa ndi ntchito ndi nyumba. Bambo anga nkhawa yawo inali ina. Makolo athu anachokera ku Mozambiki wapansi kudzafuna ntchito ya tiyi, ndipo kuno sanapatsidwe mudzi. Mudzi wathu unali komboni, manda athu anali kamsitu ka kumunsi kwa damu, m'kati mwenimweni mwa esiteti. Azungu akale anangoloza ndi chala kuti muziika umo, ndipo manijala aliyense wobwera ankazipeza zili choncho. Mayi anga anagona mmenemo, patsinde pa mkuyu. Pambali pawo bambo anasiya malo awo, n'kubzala nkhadze kumutu kuti wina asadzakumbepo. Sankapempha china chilichonse pa dziko lino koma malo amenewo.

Bambowo anali atapuma ntchito yodulira tiyi, koma anali mkulu wa adzukulu, anthu okumba ndi kusamala manda. Chaka chilichonse m'chilimwe ndiwo ankatchula tsiku lolambula. Amuna ankalowa ndi makasu ndi zikwanje, kupalira mitumbira, kudzutsa mitanda yogwa, kukuza njira. Ife amayi tinkadikira kunja kwa msitu ndi zidebe za thobwa. Mukatha tsiku limenelo, ngakhale wodutsa pagalimoto ankaona kuti apa pagona anthu.

Tsiku lina ndikuphika kalongonda pabwalo, nyemba zija zimene zimafuna moto wa tsiku lathunthu, ndinaona galimoto ya manijala ikuima pakhomo pathu. Munthu ameneyu anali atakhala nafe zaka zambiri osapondako kukomboni. Anatsika akumwetulira, n'kukhala pampando wa ndalema, n'kuwafunsa bambo za mawondo awo. Ndinasonkhezera moto, khutu lili komweko.

"Madala," anatero manijala, "kukubwera alendo odzaona malo ano. Anthu amenewa amaopa manda. Kwina kumene anagula, ndamva kuti atapeza manda anafukula onse n'kukawataya kutali. Ine ndikuti chaka chino musalambule. Udzu ubise. Malonda akatha ndidzawafotokozera ndekha mwaulemu."

Atachoka ndinawauza bambo maganizo anga, poti ine kusunga mawu m'mimba sindimatha.

"Ababa, munthu uyu wayamba liti kutikonda? Wogulitsa mbuzi ya chilonda amaiimika chilondacho chili kukhoma. Ife ndiye chilondacho."

"Mlendo ndi mame, mwanawe. Abwera, aona, apita."

"Awa si alendo. Akudzagula, ndipo akagula sachoka."

Bambo anatembenukira kwa ine. "Ndiye ukufuna amako awafukule, awanyamule m'thumba ngati chinangwa?"

Manijala sindinkamukhulupirira, koma ogulawo sindinkawadziwa n'komwe, ndipo sindinaone chifukwa chowaganizira zabwino. Mantha a bambo anali ndi nkhope, anga analibe.

Adzukulu anakumana n'kugwirizana ndi bambo. Ndiye anthu akwathu akati abise chinthu, amabisadi. Sanangosiya kulambula ayi. Anagoneka pansi mitanda yonse, anakokera nthambi zaminga panjira, anafotsera ndi masamba timbale ndi timakapu timene timaikidwa pamitumbira. Gogo wina wa m'komboni atamwalira m'miyezi imeneyo, anamunyamula pa lole mpaka kwa abale ake ku Bvumbwe, kuopa kuti dothi latsopano lingaoneke. Mvula itagwa, udzu ndi zitsamba zinamaliza ntchito. Ineyo wobadwira pomwepo ndinkadutsa osaona polowera.

Ogula anabwera ndi nsapato zatsopano ndi zipewa zazikulu. Anayenda m'minda, anakumba dothi n'kuika m'timapepala, anaulutsa kandege kopanda munthu kamene kankajambula malo kali m'mwamba. Pakati pawo panali mayi wina wa magalasi, Mmalawi mnzathu, amene ankafunsa mafunso ambiri. Anatipeza pashedi tikuyezetsa madengu. Bambo analiponso, atabwera dala kudzaona nkhope za anthuwo.

"Pamalo ano pali chimene inu mumagwiritsa ntchito?" anafunsa mayiyo. "Chitsime, njira, malo opempherera, chilichonse?"

Tonse tinatanganidwa ndi madengu athu. Akapitawo analoza bambo kuti wamkulu ndi uyu. Mayiyo anawagwadira pang'ono mwaulemu, n'kuloza kumunsi kwa damu.

"Agogo, mumsitu umo muli chiyani?"

"Njoka basi, mayi," anatero bambo. "Ndi anyani."

Ine ndinkayang'ana manijala, amene ankayenda ndi alendowo. Iye ankayang'ana foni yake, koma ndinaona mapewa ake akutsika ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Ndinaona kuti bodzali lapeputsa iyeyo, osati ife. Komabe ndinkamuonanso mayi wa magalasiyo ndi ulemu wake wochulukawo, n'kumadzifunsa kuti akufunsiranji zonsezi ngati si kufuna kudziwa zoti achotse.

Malonda anatheka. Mwezi usanathe manijala uja anasamutsidwa kupita kuminda ina ya kampani yakale, osatsanzika aliyense. Zoti adzafotokoza mwaulemu zinapita naye pagalimoto yomweyo. Eni atsopano anayamba ndi mpanda wa waya, ndipo alonda anawatenga kutali, anthu osadziwa kuti uyu ndi mwana wa yani. Mpandawo unazungulira damu ndi msitu womwe. Titaona mathirakitala akuzula tiyi wakale kulowera kumsituko, bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kunena kuti ndiwaperekeze ku ofesi.

Manijala watsopano anali munthu wosaseka, koma anatipatsa mipando. Bambo atafotokoza, manijalayo anavula magalasi n'kugwira kumutu. Anaitanitsa mayi uja wa mafunso, amene tsopano ankagwira ntchito pomwepo. Mayiyo atawaona bambo anawazindikira.

"Agogo, si inu munandiuza kuti muli njoka?"

Bambo anayang'ana pansi.

"Tikanadziwa," anapitiriza mayiyo, "msituwo tikanaupatula, ukanakhala kunja kwa mpanda pamodzi ndi njira yake. Kwina konse timatero. Ndinkafunsira zimenezo."

"Nanga zofukula zija?" ndinalowerera ine. "Zoti kwina munafukula anthu n'kukawataya?"

Mayiyo anayang'anizana ndi manijala. Anati sanafukulepo munthu chibadwire, ndipo nkhani imeneyo akuimva koyamba. Kaya ankanena zoona kaya ayi, ine sindidziwa, pakuti pofika pamenepo ndinali nditasiya kukhulupirira aliyense wovala nsapato zopolisha. Chimene ndinaona n'chakuti manijalayo anakwiya zenizeni, ndipo sanakwiyire ife. Anati kampani yakale inawatsimikizira kuti pamalopo palibe manda, iwo n'kugula msituwo ngati malo obzala, pamene pansi pake padzaza anthu. Mitengo sadula, mitumbira saikhudza, koma nkhaniyi ipita kwa maloya kuti ogulitsa ayankhe. Ndipo mpaka mlanduwo udzathe, palibe wolowa mumsitumo, palibenso woikidwamo.

"Udzatha liti, bwana?" anafunsa bambo.

"Sindingakunamizeni, madala. Milandu ya makampani imachedwa."

Pobwerera tinadutsa m'mbali mwa waya, bambo n'kuima pamene panali polowera. Minga imene anakoka okha inali itamera mizu. Ndinkafuna kunena kuti ndinakuuzani, mawuwo anafika pakhosi, koma nditaona mmene anagwirira wayayo ndinawameza. Ndinali ndi ukali woti ndikanatha kuotcha ofesi zonse ziwiri, yakale ndi yatsopano yomwe.

Chilimwe chotsatira adzukulu anakapempha kuti angolambula, anakanizidwa. Anati maloya anena kuti malowo akhale monga anawapezera, poti ndiwo umboni. Udzu umene tinausiya kuti ubise manda unasanduka chinthu choletsedwa kudula. Kampani ziwirizo zinkakokana mumzinda, ife tikuthyola tiyi wotsala n'kumaphunzira kutola makademiya.

Bambo anadwala mvula itayamba. Chifuwa chinawagwira, ndipo ankadziwa okha kuti sadzuka. Tsiku lina masana ndikuwamwetsa phala anandigwira dzanja.

"Mlandu uja watha?"

"Ayi, ababa."

Anatseka maso. "Amako tinawabisa bwino," anatero. "Mpaka ine ndemwe sindikawapeza."

Tinakawaika ku Chimaliro, kwa abale a amuna anga, malo ochita kupempha. Adzukulu a kumeneko anakumba bwino, sindingawanene, koma sankadziwa kuti akuika mkulu wa ntchito yawo yomweyo. Kumanja ndi kumanzere kwawo kwagona anthu amene sanamwepo nawo ngakhale thobwa.

Mlandu uja sunathe mpaka pano. Popita kuntchito ndimadutsa m'mbali mwa waya, ndipo ndikaima pachulu ndimauona mkuyu. Mtumbira wa mayi suoneka. Chimene chimaoneka ndi nkhadze ija, yatalika kupitirira udzu, ikusungabe malo a bambo.