Mmene Mayi Katerina Anachizira Alusazi

Mayi Katerina a ku Golomoti sukulu anailekeza Sitandade 3, n'kukalambira pa chiwaya cha zitumbuwa m'mbali mwa msewu. Koma funsani pamsika, akuuzani kuti ndi okhawo anachizapo alusazi popanda piritsi.

Matendawa amuna awo, a Jeremiah, anawatola m'minibasi. Anamva bwana wina wa tayi akudandaula nawo, dzinalo n'kuwakomera. Chifikireni pakhomo, khasu linasanduka mdani.

"Kuwerama ayi, amake Ulemu, alusazi amakwiya. Amafuna mazira ndi tiyi wamkaka."

Apa n'kuti mitambo itayamba kuda, anzawo atamaliza kugalauza, munda wa banjali uli thengo. Mvula ikanawapeza choncho, ndiye njala chaka chonse.

A Katerina anapita ku Mua kukafunsa za alusazi kwa a Henry, mphunzitsi wopuma amene ananunkhizako ku seminale.

"Liwuli n'la Angerezi, koma nawonso anabwereka ku Chilatini," anatero a Henry. "Tanthauzo lake chilonda basi. Adokotala akati alusazi, ndiye kuti chilondacho chili m'chifu, mogayira chakudya."

"Nanga aphunzitsi, chilonda chimenecho chimamwa kachasu?"

"Kachasu? Mayi, ngakhale fodya, tsabola, zokazinga, zonsezo chimadana nazo!"

A Katerina anabwerera akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Anazungulira msika wonse, nkhope ili khuma, kuyambira kwa Rozi wotcheza kachasu mpaka kwa anyamata a kanyenya.

"Abambo akudwala chilonda cha m'kati. Wowapatsa kadontho kapena kanthuli, maliro akhala ake."

Paja kwathu kuno wodwala amasamalidwa ndi mudzi wonse, afune asafune. A Jeremiah akati aime kwa Rozi: "Pepani alamu, ine mlandu ayi." Akati ayatse chingambwe, mnzawo wa pabawo n'kuwatsomphola. Kunyumba phala lamadzimadzi, ndipo amayi a mphakati ankabwera masana alionse kudzawapempherera, mapemphero ake aatali ngati msewu wa ku Salima.

Tsiku lina kutacha, a Katerina anapeza pamphasa palibe munthu. Kumunda fumbi lili koboo, a Jeremiah akugalauza ngati mnyamata wa pachikamwini.

"Abambo ake Ulemu, mwawerama! Nanga alusazi?"

"Apola. Kamuuzeni Rozi."

"Ndikamuuza mizere ikafika pachulu paja."

Inafika, n'kupitirira. Chimanga cha chaka chimenecho nkhokwe inachita kuchepa.